Kudutsa pa M3 akamakonza msewu: zomwe ndaphunzira paulendo wa Zomba ndi Limbe

Ine ndimakhala ku Chinamwali ndipo pafupifupi sabata iliyonse ndimatsikira ku Limbe kukaoda katundu wa kashopu kanga, pena pa kagalimoto kanga pena pa minibasi mafuta akavuta, nde msewu wa M3 uwu ndauyenda uli wabwino, ndauyenda uli maenje okhaokha, ndauyendanso atautseka mbali imodzi anthu tikudikirira mbendera dzuwa likutiwotcha. Amene munali kuno zaka za m'ma 2013 ndi 2014, pomwe ankamanganso msewu wa Zomba kupita ku Blantyre ndi ndalama za African Development Bank, mukukumbukira fumbi lija, munthu umafika mtauni nsidze zitayera ngati wachokera ku chigayo. Msewuwo unatha ndipo tonse tinasangalala, koma msewu sukonzedwa kamodzi basi, mvula ikagwa ngati ya Ana mu Januwale 2022 kapena ya Freddy mu Malichi 2023 ntchito imayambikanso, apa kalavati yakokoloka, apo m'mbali mwadyeka, apo akumata zigamba. Walira mvula walira matope, tinalira msewu wabwino nde madayiveshoni, tinjira tapambali todutsamo akamakonza tija, ndi matope ake. Ndikulemba izi chifukwa ndaona anthu ambiri akuvutika komanso kuvulala pamalo pomwe akukonza, pa zinthu zoti zikanapeweka.

Choyamba kumbukirani kuti Zomba ili ndi msewu waukulu umodzi wokha. M3 imachokera ku Blantyre, kudutsa Njuli, Namadzi, Thondwe, Three Miles, kulowa mtauni, kenako Chinamwali, Songani, Domasi, Malosa mpaka Liwonde ndi Mangochi, ndipo chilichonse chimayenda pamenepo, malole a simenti, mabasi, masienta, ma ambulansi opita ku Zomba Central Hospital, ana asukulu, akabaza, amayi onyamula tomato. Mbali ina kuli phiri, nde palibe kokhotera kwenikweni. Akatseka kagawo kakang'ono olo mamita 500 okha tauni yonse imamva. Chifukwa chake musamaganize kuti mupeza njira ina mosavuta ngati mmene anthu amachitira ku Lilongwe, kuno nthawi zambiri njira ndi yomweyo, chomwe mungasinthe ndi nthawi yonyamukira ndi mayendetsedwe anu basi.

Musananyamuke

Funsani. Safunsa anadya phula paja. A Roads Authority, omwe amayang'anira misewu ikuluikulu ngati M3, amalengeza akafuna kutseka msewu, zimatuluka m'nyuzi, pa wayilesi komanso pa Facebook yawo, ndipo misewu ya m'kati mwa tauni nkhani zake mumazimva kuchokera ku khonsolo ya mzinda wa Zomba. Mverani MBC, Zodiak, Times, komanso mawayilesi athu konkuno ngati YONECO FM ndi Chanco Radio. Koma kunena zoona uthenga wachangu kwambiri uli ndi madalaivala a minibasi ku depoti, munthu amene wangofika kumene kuchokera ku Limbe akuuzani kuti achimwene pa Thondwe lero tayima mphindi 20, kapena kuti athira madzi kuli kuterera. Ine ndili ndi manambala a madalaivala awiri, ndimangowaponyera uthenga pa WhatsApp m'mawa kuti msewu uli bwanji, amayankha akaima. Chilengezo chimakuuzani tsiku loyamba ndi lomaliza, dalaivala amakuuzani za lero.

Ndipo tsiku lomaliza lomwe alembalo musalidalire kwambiri pokonza mapulani anu, mvula ikangogwa masiku atatu otsatizana ntchito ya dothi imaima chifukwa dothi lonyowa kwambiri silitsenderezeka, dizilo akasowa makina onse amaima, nde ntchito yomwe anati itha Lachisanu imatha kufika sabata inayo.

Onjezerani nthawi. Ngati ulendo wa ku Limbe mumauyenda ola limodzi ndi mphindi pang'ono, ikani maola awiri. Ngati mukupita ku Queens kukaonana ndi dokotala, kapena ku Chileka kukakwera ndege, kapena mwana ali ndi intavyu, nyamukani kusanache basi musachite kuwerengera. Nthawi yoipitsitsa ndi m'mawa anthu akupita kuntchito ndi ana kusukulu, kenako madzulo poweruka, komanso tsiku la msika pa Thondwe kapena pa Songani pomwe msewu umakhala wochepa kale olo pasakhale wokonza. Masiku a graduation ku UNIMA nawo magalimoto amadzaza tauni yonse, mukaphatikiza ndi kutseka kwa msewu nde ulendo wosafunikira kwenikweni ingousiyani. Thirani mafuta okwanira musanafike pamzere, chifukwa kuyenda giya wani ndi thuu kumamwa mafuta, ndipo galimoto yothera mafuta pakati pa dayiveshoni ya mbali imodzi imatsekereza anthu onse kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Tengani madzi akumwa makamaka muli ndi ana kapena agogo, mu Okutobala kudikira m'galimoto yoima si zocheza. Onani tayala la sipeya, jeke ndi matirayango anu aja, pa miyala yophwanya matayala amaphulika kawirikawiri.

Amene mukupita ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre ndipo mulibe chochita ku Zomba, dzerani ku Zalewa pa M1, mutipepukitsireko mzere. Ife a kuno popita ku Lilongwe timadzera ku Liwonde, Balaka, kukalowa M1 cha pa Chingeni pomwe pali toll gate, nde ngati ntchito ili pakati pa Domasi ndi Liwonde palibe kuchitira mwina. Wopita ku Phalombe kapena ku Mulanje angathe kudzera msewu wa ku Jali, koma funsani kaye mmene ulili sabata imeneyo makamaka nthawi ya dzinja.

Mukayamba kuona zikwangwani

Pali chinthu chimodzi chomwe ife Amalawi timachidziwa kale bwino lomwe. Mukaona masamba atayalidwa pamsewu mumadziwa kuti pali maliro kapena lole yafa kutsogoloko, palibe amene amakuuzani, mumatsitsa liwiro, mumachepetsa wayilesi, wa njinga amatsika n'kumakankha. Makoni ofiira aja, madiramu opaka utoto, zikwangwani za munthu wogwira fosholo, ndi masamba omwewo. Akutanthauza kuti kutsogoloku kuli anthu ali pansi, ali pantchito, galimoto ikudutsa pafupi nawo kotalika ngati mkono umodzi. Chomwe chimandiwawa n'choti ulemu womwe timapereka pa masamba sitimaupereka pa makoni, munthu yemweyo amene amayenda pang'onopang'ono pa maliro amadutsa pa anyamata ogwira ntchito ngati akuthamangitsidwa.

Nde mukangoona chikwangwani choyamba chotsani phazi pa mafuta, musadikire kuti muone giledala ndi maso. Zikwangwanizi amaziika motsatizana, choyamba chochenjeza, kenako cha liwiro, kenako chosonyeza kuti msewu ukuchepa kapena mukhotere uku, ndipo nambala yomwe yalembedwa pa chikwangwani cha liwiro ndi lamulo olo chikhale chakanthawi, apolisi apamsewu angathe kukulipiritsani. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa liwiro la 60 galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, pa 30 imayenda mamita 8 okha. Liwiro mukaliwirikiza kawiri mtunda woti galimoto iime mutaponda buleki umawirikiza kanayi, ndipo apo ndi pa phula louma, pa miyala yosagwirana kapena pa dothi lothiridwa madzi umatalikanso kuposa pamenepo. Tsono ngati malo okonzawo ndi makilomita 2, pa 60 mutenga mphindi 2, pa 30 mutenga mphindi 4. Kusiyana kwake mphindi ziwiri zokha abale, nthawi yomwe mumataya posankha nthochi pa Namadzi.

Mukakhala inu omaliza pamzere womwe waima, yatsani mahazadi mpaka galimoto ina itaima kumbuyo kwanu, ndipo muzisuzumira pagalasi, makamaka ngati mwaima pakona kapena potsetsereka pomwe lole yodzaza ingabwere isakudziwa kuti anthu aima. Siyani mpata pakati pa inu ndi wakutsogolo woti muziona matayala ake akumbuyo akugunda pansi, kuti galimoto yakeyo ikafa muthe kutuluka osabwerera m'mbuyo. Pokwera chitunda musaime pafupi kwambiri ndi lole, imabwerera pang'ono ikamanyamuka.

Munthu wa mbendera

Apa nde pamene pagona nkhani yonse. Akatseka mbali imodzi, magalimoto a mbali zonse ziwiri amagwiritsa ntchito kanjira kamodzi mosinthana, ndipo kumapeto kulikonse kumakhala munthu wa mbendera yofiira ndi yobiriwira kapena chikwangwani cholembedwa STOP mbali ina GO mbali ina. Anthu awiriwa nthawi zambiri sakuonana, amalumikizana pa foni kapena pa ka wayilesi ka m'manja, wa uko amauza mnzake kuti galimoto yomaliza ndi yakuti yoyera, nde wa kuno satsegula mpaka galimoto imeneyo itatuluka. Ndiye chifukwa chake mumatha kuona msewu uli phee wopanda kanthu koma iye akukanabe kukutsegulirani, sikuti akukuzunzani ayi, pali lole yomwe ikubwera pang'onopang'ono kuseri kwa kona yomwe inu simukuiona.

Ndinaona ndi maso anga tsiku lina sienta itatopa kudikira, inazemba mzere wonse n'kudutsa mtsikana wa mbendera akukuwa, patangopita kamphindi inakumana maso ndi maso ndi thanki ya mafuta pakati pa kanjira koti mbali ina kuli dzenje lakuya mbali ina mulu wa miyala. Mwamwayi sanagundane, koma sientayo inayenera kubwerera chambuyo mtunda wonsewo, ndipo tonse amene tinali pamzere tinadikira pafupifupi ola lathunthu m'malo mwa mphindi khumi. M'minibasi yomwe inali patsogolo panga munali mayi wodwala akupita naye kuchipatala. Sindinaiwale nkhope ya mtsikana wa mbendera uja, ankanjenjemera, chifukwa zikanachitika zoopsa anthu akanayamba kuloza iye.

Anthu amenewa ambiri ndi achinyamata a m'midzi yomweyo yomwe msewu ukudutsa, alembedwa ganyu, aima padzuwa ndi pafumbi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Musawatukwane, musawaimbire hutala, musawapatse kandalama kuti akulowetseni chifukwa mukuika moyo wa anthu ena pachiswe komanso ntchito yake ithera pomwepo. Tsitsani galasi, mwaswera bwanji achemwali, tidikira nthawi yaitali bwanji, adzakuuzani bwinobwino. Akati mphindi khumi zimitsani injini. Akatembenuza GO musathamangire kupitirira anzanu, lowani mmodzimmodzi monga mmene munafikira, ndipo ngati atembenuza STOP inu muli pafupi kulowa, imani, musakakamire kumata kumbuyo kwa amene walowa kale chifukwa wa mbali inayo wauzidwa kale kuti yomaliza ndi iti.

Ambulansi ikabwera ndi sayirini ipatseni njira, sendezerani kumanzere mmene mungathere. Zomba Central imalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Phalombe, nde ambulansi yomwe mukuiona yayenda kale mtunda wautali ndi munthu wovutika mkatimo. Ndipo musaithamangire kumbuyo kuti mudutsire limodzi, khalidwe limeneli ndi loipa kwambiri. Ngati inuyo mwanyamula wodwala kwambiri kapena mayi amene matenda ayamba m'galimoto wamba, tumani munthu atsike akalankhule ndi wa mbendera, iye aimitsa mbali inayo n'kukutsegulirani bwinobwino, izi zimatheka ndipo ndaziona zikuchitika.

Mkati mwa dayiveshoni

Dayiveshoni yambiri ndi msewu wa dothi womwe giledala yangopala m'mbali mwa msewu weniweni. Ikani giya yotsika, thuu kapena firii, yendani liwiro limodzi osamangoponda mafuta ndi buleki mosinthanasinthana. Yatsani magetsi olo ali masana chifukwa mu fumbi la Seputembala ndi Okutobala galimoto yakutsogolo imasowa, wa njinga nde simumuona n'komwe mpaka mutamufika. Fumbi likachuluka moti simukuona, onjezerani mpata, musapitirire galimoto ina mu fumbi zivute zitani. Tsekani magalasi. Chigalimoto chothira madzi chija chikangodutsa kumene, dothi lofiira la kuno limaterera ngati therere, chiwongolero chigwireni ndi manja awiri ndipo buleki muziponda mofatsa. Nthawi ya mvula musalowe m'chithaphwi chomwe simukuona pansi pake, dikirani idutse kaye galimoto ina yofanana ndi yanu muone pomwe madzi akulekeza, ndipo ngati ndi madzi oyenda, monga mitsinje yathu yochokera kuphiri imachitira mvula ikagwa kumtunda, musayese n'komwe. Likangala ndi Mulunguzi amadzaza mwadzidzidzi olo mtauni musanagwe dontho.

Amene muli ndi tigalimoto totsika pansi samalani ndi kamzere ka miyala komwe kamatsala pakati pa matayala, kamakhula pansi pa injini ndipo mwala umodzi ungathe kuboola sampu oyilo yense n'kutayika. Pomwe phula lakale likuthera ndi pomwe dothi likuyambira pamakhala kachitunda kakuthwa, pafikeni pang'onopang'ono. Samalaninso ndi m'mphepete, pena akumba mbali imodzi mozama ndipo chomwe chikukulekanitsani ndi dzenjelo ndi katepi kofiira ndi koyera basi. Makina akuluakulu aja, giledala, rola, ekisikaveta, woyendetsa wake saona bwino kumbuyo ndi m'mbali ndipo phokoso limamulepheretsa kumva hutala yanu, nde musadutse kumbuyo kwake ikubwerera, dikirani akuoneni kapena wantchito wapansi akukodoleni.

Chifukwa chiyani amatseka pomwe paoneka kuti patha

Funso ili ndimalimva kwambiri m'minibasi, anthu amadandaula kuti taonani msewu watha kale uwu koma akungotizunza m'fumbi. Msewu umamangidwa m'magawo, pansi dothi lotsenderedwa, pamwamba pake dothi losankhidwa pena losakaniza ndi simenti, kenako miyala yophwanya, kenako amathira kaphula kamadzimadzi koti kalowe m'miyalamo, pomaliza nde phula lenileni. Gawo losakaniza simenti limafuna masiku angapo likuthiridwa madzi kuti ligwire, mukalipondetsa lole msanga limasweka mkati ndipo chaka chomwecho maenje amayamba. Kaphula kamadzimadzi kaja kakuda bii kamaoneka ngati msewu watha koma sikanaume, mukayendapo kamamatirira kumatayala, kamathimbirira galimoto yonse m'mbali ndipo mumasiya mabala pamsewu omwe ayenera kukonzanso. Konkire ya pa mlatho kapena pa kalavati imawerengedwa kuti yafika mphamvu yake pakatha masiku 28, nde mlatho ungathe kuoneka wokongola wathunthu koma akuusungabe. Miyala ndi mitengo yomwe amaika pamsewu watsopano kuti anthu asadutsepo musaichotse, ndalama zokonzera misewu imeneyi zina ndi zathu zomwe, timalipira pa lita iliyonse ya mafuta kudzera ku Roads Fund Administration komanso pa ma toll gate.

Palinso mtundu wina wa ntchito womwe amathira phula kenako n'kuwaza timiyala pamwamba, rola n'kupondaponda. Akatsegula, timiyala tambiri timakhala tisanagwire ndipo matayala amatiponya ngati legeni. Galasi langa lakutsogolo linang'aluka chonchi, minibasi inandipitirira mothamanga pamalo otere kamwala n'kudzamenya pakona, mng'alu unayamba ngati kambewu ka mpiru koma pakutha pa sabata unali utafika pakati. Pamalo otere yendani pang'onopang'ono, khalani kutali ndi wakutsogolo, ndipo mukamakumana ndi lole tsitsaninso liwiro chifukwa mphamvu ya mwalawo imaphatikiza liwiro lanu ndi lake. Ganiziraninso oyenda pansi, kamwala komwe kang'alula galasi kangachite chiyani pa diso la mwana.

Akabaza, oyenda pansi ndi apaulendo

Achimwene anga a kabaza, ndikudziwa kuti mphindi iliyonse ndi ndalama, koma STOP ija ndi yanunso. Njinga yamoto imalowa paliponse nde chiyeso chimakhala chachikulu chozembera m'mbali mwa makoni kapena kudutsa pakati pa makina, komatu pa timiyala ndi pa dothi lonyowa matayala awiri sagwira ngati anayi, mukaponda buleki yakutsogolo mwamphamvu mwagwa basi, ndipo mukagwa m'kanjira kopapatiza lole yakumbuyo ilibe kothawira. Valani chipewa, pasanjala wanu nayenso avale, valani chovala chonyezimira chija, musanyamule anthu awiri kapena atatu podutsa pamenepa. A njinga zakapalasa onyamula makala, nkhuni kapena matumba a chimanga, ndi bwino kutsika n'kukankha mpaka mutadutsa. Ndipo ife a magalimoto tiziwapatsa mpata anthu amenewa, msewu ukachepa iwo ndi amene amayamba kukankhidwira kudzenje.

Makolo, ngati ana anu amadutsa pomwe akukonza popita kusukulu, apititseni nokha masiku oyambirira muwaonetse powolokera. Ana amakopeka ndi makina, amaima pafupi kuonerera, amasewera pa milu ya mchenga ndi m'mapaipi a kalavati, ndipo maenje omwe akumba dothi amadzaza madzi nthawi ya dzinja n'kuoneka ngati dziwe losambira pomwe ndi akuya. Auzeni mobwerezabwereza. Amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, mzere wa magalimoto oima ndi msika wabwino zedi, chimanga chootcha, nthochi, mandasi, zimayenda, koma gulitsirani mbali yakumanzere komwe kuli kunja kwa msewu, musaime pakati pomwe magalimoto a mbali inayo atulukire, ndipo zakudya muzivindikire chifukwa cha fumbi.

Apaulendo a m'minibasi tili ndi mbali yathu. Nthawi zambiri ndife amene timakakamiza dalaivala, adalaivala tadutsani apa tachedwa, taonani anzanu apita. Tisatero. Ndipo dalaivala akayamba yekha kuzemba mzere tiyankhule, munthu mmodzi akayamba kuti adala ife tili ndi ana kunyumba, ena amavomereza ndipo amabwerera pamzere. Siteji yanu ikakhala mkati mwa malo otsekedwa musakakamire kutsikira pomwepo, tsikirani isanalowe kapena itatuluka muyende pang'ono wapansi. Za mtengo funsani musanakwere, ena amakweza ati chifukwa cha dayiveshoni, ndi bwino mugwirizane kondakitala asanatseke chitseko.

Usiku

Ngati mungathe kupewa kudutsa pamalo okonza usiku, pewani. A mbendera ambiri amaweruka, nyali zimakhala zochepa kapena palibiretu, ndipo chomvetsa chisoni n'choti zikwangwani ndi madiramu zimabedwa, anthu amakapangira mbaula ndi zina, nde pomwe masana panali chenjezo usiku mumangopeza mulu wa dothi uli pakati pa msewu. Amene mumagula zitsulo zoterezi dziwani kuti mwachotsa chinthu chomwe chikanapulumutsa munthu, mwina m'bale wanu yemwe. Miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa nkhungu imatsika kuphiri n'kuphimba msewu, apo yatsani magetsi apansi osati aatali chifukwa aatali amangobwerera m'maso mwanu. Musadalire kuti dzulo munadutsa nde mukudziwa njira, dayiveshoni imasuntha, dzulo inali kumanzere lero ili kumanja. Galimoto ikakuferani mkatimo ikankhireni kunja ngati n'kotheka, yatsani mahazadi, ikani matirayango kutsogolo ndi kumbuyo patali ndithu, anthu onse atsike akaime kutali ndi msewu, ndipo mukamachoka chotsani miyala ndi masamba omwe munaika.

Zikavuta

Mukachita ngozi kapena galimoto yaonongeka chifukwa panalibe chikwangwani kapena dzenje linasiyidwa losatchinga, yambani ndi anthu, ovulala apite kuchipatala msanga. Kenako jambulani zithunzi pa foni zinthu zisanasunthidwe, malo onse, pomwe panayenera kukhala chikwangwani, nthawi yake, tengani manambala a mboni ziwiri, kanenani kupolisi mutenge lipoti chifukwa a inshuwalansi sayamba kanthu popanda lipotilo. Pa ntchito iliyonse yaikulu pamakhala chikwangwani chachikulu cholembedwa dzina la kontilakitala, injiniya woyang'anira ndi mwini ntchito, chijambuleni. Kuika zizindikiro, kuthira madzi pa fumbi ndi kusamalira dayiveshoni kuti izidutsika ndi mbali ya ntchito ya kontilakitala, si chifundo ayi, nde mukaona kuti papita masiku osathira madzi, nyumba ndi mashopu a m'mbali zikungomwa fumbi, kapena atseka polowera kunyumba kwanu osakuikirani podutsira, pitani ku kampu yawo mukafunse injiniya woyang'anira, mukalephera lembani kalata ku Roads Authority kapena ku khonsolo, mudzere kwa amfumu kapena khansala wa dera lanu kuti likhale dandaulo la anthu ambiri. Wa mbendera sangakuthandizeni pa zimenezi, si iye amalamula bawuza, chigalimoto chothira madzi chija.

Mukayenda sabata zingapo m'fumbi musaiwale galimoto yanu. Tulutsani fyuluta ya mpweya muigugude kapena musinthe, ikatsekeka galimoto imafooka. Onani matayala ngati sanachekeke m'mbali, mangani manati, mverani ngati kutsogolo kwayamba kugogoda. Galasi lafumbi musalipukute louma ndi mawaipa, limakandika, thirani madzi kaye. Phula likamatirira m'mbali mwa galimoto musapale ndi mpeni, nyowetsani kansalu ndi palafini pang'ono mupukute mofatsa kenako mutsuke ndi sopo, ndipo chitani zimenezi tsiku lomwelo kapena mawa lake lisanaume.